Mmene mungagulitsire ndalama zachitsulo zakale mukazipeza pokonza m'nyumba

Posamuka, pochotsa zinthu zimene zangodzaza nyumba, kapena pogawa katundu wa malemu, kawirikawiri pansi pa thiranki pamatuluka kachitini kolemera ka ndalama zachitsulo zakale. Kuno kum'mawa kwa Zambia zimenezi n'zosadabwitsa. Makolo athu anayenda: ena kumigodi ya ku Copperbelt, ena ku Wankie (Hwange), ku Salisbury (Harare) ndi ku Bulawayo, ena mpaka ku Joni, ndipo malire a Malawi pa Mwami ndi a Mozambique pa Chanida ali pafupi pomwepa. Motero m'chitini chimodzi mumatha kukhala ndalama za mayiko anayi kapena asanu.

Tineneretu kuti mtima ukhale m'malo: zambiri mwa ndalamazo si zamtengo wapatali. Zinapangidwa mamiliyoni, ndipo anthu amene amasonkhanitsa ndalama zakale ali nazo kale. Phindu limakhala mu zochepa chabe, ndipo ntchito yonse yagona pa kuzipatula zochepazo wogula asanaone chitini. Wogulitsa chitini chonse pamtengo umodzi, asanaone zili m'katimo, ndiye amaluza.

Musanayambe

Ndalamazo n'zayani? Ngati zinali za malemu, ndi mbali ya chuma chamasiye, ndipo woyenera kuzigulitsa ndi amene anasankhidwa kuyang'anira chumacho, abale atagwirizana. Ngati malemu sanasiye wilo, kagawidwe kake kali m'lamulo la Intestate Succession Act la 1989. Nkhaniyi imaoneka yaing'ono koma imakula msanga pabanja. Wina akangomva mphekesera yoti khobidi la bowo pakati limagula galimoto, inu amene munagulitsa mwakachetechete mudzatchedwa wakuba. Itanani abale awiri akhalepo powerenga, mulembe m'kope, mujambule zonse pafoni. Funsaninso amalume kapena azakhali ngati pali ina imene banja likufuna kusunga, muichotseretu pa zogulitsa.

Ndiyeno chachikulu: musazitsuke. Apa ndi pamene anthu ambiri amaonongera chuma ndi manja awo omwe, cholinga chili chabwino. Ndalama yakale imakhala ndi mtundu woderako kapena wofiirira umene wabwera pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, ndipo wogula wodziwa amaufuna mtunduwo chifukwa ndi umboni woti ndalamayo sinaseweretsedwe. Mukaikwecha ndi phulusa, mchenga, waya wotsukira mapoto kapena Brasso, imawala ndithu, koma pagalasi lokulitsa zinthu pamaoneka timizere tambirimbiri, ndipo tsitsi la mfumu ndi nthenga za mbalame zimafufutika. Mandimu, viniga ndi Coca-Cola zili ndi asidi amene amadya pamwamba pa chitsulo, moti khobidi lamkuwa limatuluka loyezuka, lotuwa, ndipo silibwereranso mwakale. Wogula akangoona kuwala kwachilendoko amatsitsa mtengo nthawi yomweyo, mwinanso kukana kumene.

Ngati pali matope ouma, viikani ndalamayo usiku umodzi m'madzi oyera aja ogulitsa m'mabotolo othira mubatire ya galimoto, osati asidi wa batire, kenako muiumitse poigunditsa pansalu yofewa, osapukuta. Zomata za selotepi zimachoka ndi acetone weniweni wa ku hadiweya kapena ku famase. Wochotsera utoto wa zikhadabo ali ndi mafuta ndi zonunkhiritsa, ndiye sayenera. Acetone amayaka msanga, mugwiritsireni ntchito panja, kutali ndi mbaula. Makobidi amkuwa amene atuluka ufa wobiriwira apatuleni paokha. Ufawo umabwera ndi chinyezi cha nyengo yamvula, umadya mkuwa n'kusiya timaenje, ndipo umagwira anzake amene agundana nawo.

Kupatula

Yalani chitenje kapena thaulo patebulo pamalo owala, kuti ndalama ikapulumuka isagwere pasimenti. Gwirani m'mphepete, osati pankhope. Mufunika galasi lokulitsa zinthu, maginito (wa m'sipika ya wailesi yakufa amakwana), maenvulopu ang'onoang'ono apepala, kope, ndi sikelo yaing'ono ya batire yowerenga mpaka 0.01 ya galamu. Sikelo ya tomato kapena ya nyama siingathandize pano.

Yambani ndi dzina la dziko lolembedwa pa ndalamayo: SOUTHERN RHODESIA, RHODESIA AND NYASALAND, SOUTH AFRICA kapena SUID-AFRIKA, ZAMBIA, MALAWI, MOÇAMBIQUE. Zokhala ndi mutu wa mfumu ndi mawu achilatini, popanda dzina la dziko, ndi za ku Britain. Mulu uliwonse muugawenso potsata kukula kwake, kenako chaka. Pititsani maginito pamwamba. Imene yamamatira ilibe siliva, monga 25 ndi 50 ngwee za 1992, zimene ndi zachitsulo wamba chokutidwa. Koma imene sinamamatire sindiye kuti ndi siliva, chifukwa mkuwa wosakaniza ndi nikelo, umene umaoneka woyera ngati siliva, nawonso sugwira maginito. Ngakhale sikelo siingasiyanitse, poti ndalama zambiri zasiliva ndi zimene zinalowa m'malo mwake zinapangidwa zolemera chimodzimodzi. Chimene chimakuuzani zoona ndi dziko ndi chaka.

Zaka za siliva

Izi zikhudza ndalama zoyera zokha: tiki (3d), susu (6d), sheleni, ya masheleni awiri, ndi yaikulu ya masheleni awiri ndi theka yolembedwa HALF CROWN.

Za Southern Rhodesia ndi zimene zinkayenda kwambiri kuno nthawi imene Chipata ankatchedwa Fort Jameson. Kuyambira 1932 mpaka 1942 zili ndi siliva magawo 925 pa 1,000. Za 1944 mpaka 1946 ndi theka lokha, 500 pa 1,000. Kuyambira 1947 mulibe siliva, kupatula yaikulu ya masheleni asanu ya 1953 yokumbukira zaka 100 chibadwire Cecil Rhodes, imene ili ndi theka.

Za ku Britain: zonse za chisanafike chaka cha 1920 ndi 925, za 1920 mpaka 1946 ndi 500, ndipo kuyambira 1947 mulibe. Za ku South Africa: 1923 mpaka 1950 ndi 800, ndipo 1951 mpaka 1964 ndi 500, kuphatikizapo masenti oyera oyambirira a randi a 1961 mpaka 1964. Za ku Mozambique ya Apwitikizi, ya 10 ndi ya 20 escudos za m'ma 1950 zili ndi siliva magawo 720.

Za chitaganya, zolembedwa RHODESIA AND NYASALAND, zimene zinayamba kutuluka mu 1955, ndi zimene zimadzaza zitini zambiri kuno: khobidi la bowo pakati lokhala ndi njovu ziwiri, theka lake lokhala ndi anyamalikiti, sheleni ya mphalapala, ya masheleni awiri ya nkhwazi itagwira nsomba. N'zokongola, koma zimene zinkayenda m'manja mwa anthu zilibe siliva ngakhale pang'ono. Chimodzimodzinso za Malawi za mutu wa Kamuzu Banda.

Tsopano kuwerengera. Yatsopano ya HALF CROWN imalemera magalamu 14.14, ya masheleni awiri 11.31, sheleni 5.66, susu 2.83, tiki 1.41. Zoyendayenda zimapepukirako chifukwa chakutha, ndiye musadalire manambalawa, ikani pasikelo mulu uliwonse paokha: wa 925, wa 800, wa 500. Mulu wa 925 ukalemera magalamu 200, siliva weniweni ndi 200 kuchulukitsa ndi 0.925, kutanthauza magalamu 185. Mulu wa 500 wolemera chimodzimodzi uli ndi magalamu 100 okha. Mtengo wa siliva padziko lonse umalembedwa m'madola pa troy ounce, imene ndi magalamu 31.1, ndipo umasintha tsiku ndi tsiku. Uoneni pa intaneti tsiku logulitsalo, muugawe ndi 31.1, muchulukitse ndi mtengo wa dola m'makwacha. Tingoyerekeza kuti galamu yatuluka K25: mulu woyamba uja ndi K4,625, wachiwiri K2,500. Wogula sangakupatseni yonseyo chifukwa naye akufuna phindu, koma tsopano muli ndi poyambira ponenerera. Akatchula theka, mudziwa kuti akukuberani. Chenjeraninso ndi wogula amene akufuna kusakaniza milu yonse n'kuilipira pamtengo wa 500.

Zimene zimaposa mtengo wa siliva

Mtengo wa chitsulo ndi wapansi. Ndalama imakwera kuposa pamenepo ngati chaka chake n'chosowa kapena ngati sinathe. Mwa za Southern Rhodesia, ya masheleni awiri ya 1946 ndi ya 1954 ndi zina zimene osonkhanitsa amazisakasaka, ndipo ya 1954 ilibe n'komwe siliva. Musaziponye m'mulu wa sikelo.

Kuti muone kutha kwake, yang'anani pagalasi malo otumphuka kwambiri: tsitsi pamwamba pa khutu la mfumu George VI, timikanda ta chisoti cha mfumu George V, nthenga za pachifuwa cha nkhwazi. Ngati timizere tonse tikuoneka ndipo m'mbali mwa zilembo mudakali kuwala kwachibadwa, ndalamayo sinayende kwambiri, ipatseni envulopu yakeyake. Ngati mutu wangotsala chithunzithunzi, yatha. Ndalama ziwiri za chaka chimodzi zimatha kusiyana mtengo kakhumi kapena kuposa chifukwa cha ichi chokha. Imene inaboledwa ndi msomali kuti ikhale pamkanda, yopindika, kapena yowotcheredwa, imangogulidwa pa kulemera kwa siliva wake. Bowo la pakati pa makobidi a Southern Rhodesia, a chitaganya ndi la Zambia la 1966 ndi lachipangire, limenelo si chilema.

Za kwathu kuno zili ndi mbiri yabwino kuposa mtengo. Mu 1964 kunatuluka susu, sheleni ndi ya masheleni awiri zokhala ndi chizindikiro cha dziko. Mu 1965 kunabwera yaikulu ya masheleni asanu ya mutu wa Kenneth Kaunda yokumbukira chaka chimodzi cha ufulu. Ambiri amaiyesa siliva chifukwa cha kukula, koma ndi mkuwa ndi nikelo. Kwacha ndi ngwee zinayamba mu Januwale 1968, kwacha imodzi ikulowa m'malo mwa masheleni khumi. Pali 50 ngwee ya mbali 12 ya 1969 yojambulidwa chimanga. Zonsezi zimagulika bwino zikakhala gulu lathunthu losatha, kuyambira 1 ngwee mpaka 50 ngwee, kusiyana ndi imodziimodzi. Ngati ina ili m'kabokosi kake kapena m'pulasitiki yomata ya kufakitale, musaitulutse, ndipo kabokosiko ndi kapepala kake zipite limodzi. Nthawi yosinthitsa kubanki ndalama za kwacha yakale, imene inachotsedwa maziro atatu pa 1 Januwale 2013, inatha kalekale. Zolembedwa 2012 kupita m'tsogolo ndi za kwacha ya masiku ano. Kafunseni kubanki ngati akuzilandirabe, popeza mu 2025 Bank of Zambia inatulutsanso zina zatsopano.

Nanga golide? Kwacha imodzi ya 1989 ndiponso K1, K5 ndi K10 za 1992 n'zachikasu, ndipo zanamiza anthu ambiri, koma ndi mkuwa wosakaniza. Ndalama yagolide imene ingapezeke kuno ndi paundi yakale ya ku Britain yotchedwa sovereign, kapena ya ku South Africa ya mutu wa Paul Kruger. Ndi yaing'ono, mamilimita 22 m'mimba mwake, koma imalemera magalamu 7.99, ndipo siida ngakhale itakhala zaka zambiri m'thiranki. Yabodza yamkuwa ya kukula komweko imapepuka kwambiri. Mukaipeza yotere musalengeze, ndipo musalole munthu kuipala ndi tupa kapena kuithira asidi musanagwirizane mtengo.

Kupeza mtengo weniweni

Pa intaneti pali tsamba lotchedwa Numista, pamene mungalembe dziko ndi chaka n'kuona chitsulo chake, kulemera kwake ndi kuchuluka kwa zimene zinapangidwa. Pa eBay ndi pa Bob Shop ya ku South Africa, imene ndi misika ya pa intaneti, mungaone mitengo, koma apa ndi pamene anthu amasocherera. Munthu aliyense akhoza kuika khobidi wamba n'kulemba mtengo wa nyumba. Sizitanthauza kuti wina anagula. Pa eBay sankhani Sold items kuti muone zokhazo zimene zinagulidwadi, muyerekeze ndi yanu, chaka chomwecho, kutha kofanana. Tengani mtengo wapakati pa zingapo, osati wapamwamba kwambiri. Kumbukiraninso kuti wogulitsa wa ku London anachotsapo za kampani ndi zotumizira, ndiye wa ku Chipata musayembekezere yonseyo.

Ma R5 a nkhope ya Nelson Mandela a 2000 ndi 2008 anapangidwa mamiliyoni ambiri. Amene anayenda m'matumba ndi R5 basi, kaya mwamva zotani.

Kogulitsa

Siliva wakutha amagulidwa pa kulemera ndi osula ndolo ndi mphete komanso ogula zitsulo zamtengo wapatali, ndipo ambiri ali ku Lusaka. Ulendo wa pa Great East Road ndi wautali, makilomita oposa 550, choncho werengerani kaye ngati siliva wanu angabweze ya basi ndi yogona. Ngati n'ngochepa, dikirani ulendo wina umene munali nawo kale, kapena muphatikize ndi wa achibale. Funsani ogula awiri kapena atatu, mutenge sikelo yanu.

Zosowa ndi zosatha zimayenera osonkhanitsa, amene amapezeka m'magulu a pa Facebook. Jambulani masana pamthunzi, osayatsa tochi ya foni, pansalu yakuda, mbali zonse ziwiri ndi m'mphepete, rula ili pambali. Lembani dziko, chaka, kulemera, ndi chilema chilichonse, ngakhale kuti inatsukidwa kale. Osaonetsa nyumba yanu pachithunzi kapena kunena kuti muli ndi zambiri. Ngati mukuganiza kuti muli ndi yosowadi, makampani a okushoni a ku London monga Spink ndi Noonans amaona zithunzi n'kunena ngati ingayenere, ndipo awo amadula gawo lawo ndalamayo itagulidwa. Musanatumize kunja, dziwani ziwiri: makampani ambiri onyamula katundu salola ndalama ndi zitsulo zamtengo wapatali, ndipo zinthu zambiri yakale zimene zinapangidwa kapena kugwiritsidwa ntchito m'dziko muno chisanafike chaka cha 1924 zimatetezedwa ndi lamulo, ndiye funsani kaye ku National Heritage Conservation Commission, bungwe la boma loteteza zinthu zakale.

Makobidi wamba a njovu ndi anyamalikiti amakondedwa ndi alendo opita ku South Luangwa ngati chikumbutso. Ogulitsa ziboliboli amatha kuwatenga ambiri nthawi imodzi, pamtengo wochepa.

Akathyali

Malonda amenewa adzaza akathyali, ndipo njira yawo sisintha kwenikweni. Wina amakuimbirani foni kuti ali ndi mzungu wofuna khobidi ngati lanulo pamtengo wodabwitsa. Kenako pamabwera wachiwiri wodzitcha katswiri, amene amati ndalamayo iyesedwe: akuti yeniyeni imakoka singano kapena mpunga, kapena imaimitsa wotchi. Yanu "imapambana" mayesowo, chifukwa singano yawo anaikhuza kale pa maginito. Mtima ukakwera, amati pakufunika ndalama ya mankhwala oyesera, ya satifiketi, ya mafuta a galimoto ya bwana kapena ya kasitomu, mutumize pa Airtel Money kapena MTN. Mukatumiza, pamatuluka chifukwa china, mpaka foni imazima. Ena amatembenuza nkhani: amati wogula akufuna ziwiri, ndipo mwamwayi pali munthu amene akugulitsa inzake, muigule msanga. Wogulitsayo ndi mnzawo. Nkhani za red mercury amene akuti ali m'ndalama, m'nsimbi zamakala kapena m'makina akale osokera ndi za gulu lomweli. Chinthu choterocho kulibe.

Wogula weniweni salipiritsa wogulitsa kalikonse, safulumizitsa, sauza munthu kuti abise kwa abale ake, ndipo amafunsa za chaka, kulemera ndi kutha kwa ndalama, osati za mphamvu zake. Nambala imene yakuvutitsani ikaneneni kupolisi kapena ku ZICTA, bungwe la boma loyang'anira za mafoni.

Tsiku logulitsa

Kumanani masana, pamalo a anthu ambiri, makamaka m'banki kapena pafupi nayo, muli ndi mnzanu. Osaitanira mlendo kunyumba, osakwera galimoto yake. Tengani zokhazo zimene mwagwirizana. Muzimupatsa envulopu imodzi, abweze, ndiye mumupatse ina, chifukwa kusinthanitsa yabwino ndi yakutha kumachitika m'kanthawi kochepa zikamwazidwa patebulo. Zithunzi zanu zija ndizo umboni. Akalipira pafoni, musakhulupirire uthenga umene wafika, poti uthenga wabodza ndi wosavuta kulemba. Lowani nokha mu akaunti yanu muone ngati ndalama zawonjezekadi. Akalipira ndalama zamapepala, zikawerengedwe pa kauntala ya banki n'kulowa mu akaunti nthawi yomweyo. Lembani kapepala ka mgwirizano kotchula zimene zagulitsidwa, kulemera, mtengo ndi tsiku, nonse musaine, aliyense akhale ndi kake. Kapepalako ndi kamene mukaonetse kubanja pogawana.

Zotsala, ndi zina zopezeka m'thiranki momwemo

Zimene zakanika kugulika musazitaye kudzala. Sankhanipo imodzi ya mtundu uliwonse ya ana, zina mupatse aphunzitsi a mbiri yakale pasukulu yapafupi. Zosunga zikhale m'maenvulopu apepala, m'bokosi louma, pamwamba osati pansi pasimenti. Mapulasitiki ofewa aja a maalubamu akale amatulutsa utomoni wobiriwira umene umaononga ndalama, asiyeni.

Ndalama zamapepala zakale musazisite, musazimate selotepi, musazipinde; ziikeni pakati pa mapepala oyera m'buku lolemera, ndipo mtengo wake muufufuze padera. Mamendulo a nkhondo, amene amapezeka m'mabanja a agogo amene anamenya nawo nkhondo ku Somaliland, ku Ethiopia kapena ku Burma m'gulu la Northern Rhodesia Regiment, asalowe m'mulu wa sikelo ngakhale ena ali asiliva. Yang'anani m'mphepete: ena ali ndi dzina ndi nambala ya msilikali. Akhale pamodzi ndi maliboni ake, zithunzi ndi mapepala otulukira usilikali, chifukwa gulu lathunthu lokhala ndi dzina limaposa kutali mendulo imodzi yokhayokha, ndipo banja lonse ligwirizane kaye musanaganize zogulitsa.